Nyimbo ya Waya ku Maganga

Ana anga, Tadala ndi Mphatso, mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chimene boma linandichotsera ku Salima n'kukanditaya kumapiri a ku Neno ukalamba utayamba kale kundigwira m'mawondo. Bambo anu akamayankha amati chinandisamutsa ndi pakamwa panga. Asakunamizeni. Pakamwa ndili napo ndithu, koma pabwalo pamene panachokera transifa imeneyo ine sindinatulutse liwu ngakhale limodzi. Tsopano poti ndinapuma pantchito ndipo nthawi ndili nayo, ndati ndilembe ndekha kuti mudziwe pamene mayi wanu anaima.

Khombedza, m'zaka za m'ma 1980

Nditamaliza kosi ya ulangizi wa chitukuko cha m'midzi ananditumiza ku Khombedza. Ndinatsika basi ndi sutikesi, mphasa ndi mbaula, ine mwana wa ku Dedza wozolowera chisanu, n'kupeza dzuwa loyamba kuwotcha m'mawa womwe. Nyumba ya boma imene anandilonjeza inali italowedwa kale ndi wina, ndiye ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale. Ntchito yanga inali kuyendera magulu a amayi, kuphunzitsa kusoka ndi kasamalidwe ka pakhomo, ndiponso kuyang'anira sukulu za kwacha, kumene akuluakulu ankaphunzira kulemba ndi kuwerenga. Za zipangizo musandifunse. Choko chinkabwera pamene chafunira, moti tinkalemba ndi makala pachitseko chakale chimene tinachitsamiritsa kumtengo wa mango. Njinga ya kapalasa anandipatsa, koma machubu ake anali zigamba zokhazokha, ndipo nthawi zambiri ndinkabwerera kunyumba ndikuikankha. Komabe ntchitoyo ndinaikonda. Mayi wamkulu akalemba dzina lake koyamba n'kululutira yekha, kutopa konse kunkandithera pompo.

Panalinso ntchito ina imene sanatiphunzitse kukosi. Kukamabwera wamkulu wa boma kapena wa chipani, pakuti chipani chinali chimodzi chokha, ife alangizi ndi amene tinkasonkhanitsa amayi ovina. Dongosolo lake linali lotere. Msonkhano ukakhala mawa, lero amayi aziyeserera pabwalo, akuluakulu a komiti atakhala pamipando kumvetsera nyimbo iliyonse, liwu ndi liwu. Nyimbo imene aikana isamveke mawa. Tsiku la msonkhano mlangizi ankaima pafupi ndi oimba ng'oma, wezulo ali m'manja. Bwana akapereka chizindikiro kuchokera kunsanja, iwe uliza wezulo, ng'oma zikhala chete, amayi atuluka m'bwalo. Pakamwa tinkati wezuloyo ndi wosungira nthawi, koma aliyense ankadziwa kuti ndi wodulira nyimbo. Bwana wanga woyamba, Mayi Nyirenda, anandipatsa wezulo wanga mwezi woyamba womwe. "Mwana wanga," anatero, "kuno ukayenda uzisiya phazi, osasiya mlomo. Ndipo dziwa kuti mlomo wa amayi ako udzawerengedwa ngati wako."

Sindinachedwe kuona zimene ankatanthauza. Kunali mayi wina, Nangondo, wotsogolera nyimbo wa mawu okoma ngati chiyani. Chaka china m'masitolo munasowa sopo ndi shuga, ndipo poyeserera iye anaponyamo kamzere kongoseka, koti alendo atikhululukire nsalu zakuda poti sopo anapita kukacheza. Amayi anaseka. Atcheyamani a chipani sanaseke. Anangofunsa kuti, "Wapeka zimenezi ndani?" Madzulo asanafike Nangondo anali pagalimoto yopita kuboma, ndipo anabwerako anthu atakolola kale. Anabwera ali moyo, tinathokoza Mulungu, koma sanatsogolerenso nyimbo mpaka ine kuchoka ku Khombedza. Zinandiwawa kwambiri, ndipo mantha ndinali nawo ngati wina aliyense.

Salima boma, kuyambira 1993

Anandisamutsira kuboma nthawi imene dziko linkagwedezeka ndi nkhani ya referendamu. Mumsika, kudepoti ya mabasi, ngakhale muofesi mwathu, anthu anayamba kulankhula zinthu zimene kale ankazinong'ona atatseka mawindo. Zipani zambiri zitaloledwa kunabwera malamulo atsopano oyendetsera dziko, ndipo ife alangizi anatiitanira kumaphunziro kuti tikawafotokoze m'midzi. Pa zonse zimene ndinamva kumeneko, chinandikhala mumtima ndi gawo 35, lonena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi. Ndi mawu ochepa, mwana wa sitandade 3 akhoza kuwaloweza. Koma ine amene ndinaona Nangondo akukwera galimoto ndinawawerenga mobwerezabwereza ngati akundinamiza.

Mawu amenewo ndinayenda nawo m'sukulu za kwacha zonse zimene ndinkayang'anira. Ndinkawalemba pabolodi kuti anthu aphunzirirepo kuwerenga, chifukwa ndinali nditatopa ndi ziganizo za "Atate apita kumunda." Tsiku lina bambo wina wachikulire anaimika mkono.

"Alangizi, ndimve bwino. Ndiye kuti ine ndikhoza kuimirira pagulu, n'kunena kuti boma lalakwitsa apa, kenako n'kukagona kunyumba kwanga?"

"Eya, bambo."

"Pamphasa yanga?"

"Pamphasa yanu yomweyo."

Anapukusa mutu n'kuuza mnzake kuti, "Mwana uyu atimangitsa." Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndinkawauzanso kuti ufuluwo si wotukwanira anthu kapena kunamizira mnzako, koma zimenezo sizinkawavuta kumva. Chinkawavuta n'kukhulupirira kuti amene akunena zoona sadzatengedwa.

Chimene chinandidabwitsa n'choti malamulo anasintha koma mwambo wa pamsonkhano sunasinthe. Nduna ikamabwera, amayi ankayesererabe dzulo lake, komiti inkamvetserabe, ndipo wezulo ankakhalabe m'chikwama mwanga. Kusiyana kwake kunali koti tsopano sankati nyimboyi ndi youkira boma. Ankati ndi yochititsa manyazi alendo.

Maganga, m'zaka za m'ma 2000 ndi kutsogolo

Dera la Maganga ndi kumene ndinakhalitsa, ndipo ndi kumene ndimakuwerengera ngati kwathu kwachiwiri. Nthawi imeneyi ndinali ndi njinga yamoto, koma petulo ankabwera mwa apo ndi apo, ndiye mwezi ukafika pakati ndinkabwereka njinga ya kapalasa ya bambo anu, amene ankaphunzitsa pasukulu ya pulaimale pafupi ndi nyumba yathu. Ndinkayendera alimi a mpunga ndi chinangwa kumtunda, komanso midzi ya asodzi kugombe. Bwana wanga kuboma anali a Chikhosi. Ndisawanamizire, anali munthu wolimbikira ntchito, wosaba, wodziwa malamulo. Vuto lawo linali limodzi: foni yochokera ku Lilongwe ikalira, ankaimirira kaye asanaiyankhe.

M'mudzi wina wa kugombe munali Abiti Saidi, mayi wachisilamu wogulitsa usipa, wamfupi, wa maso akuthwa. Analowa sukulu ya kwacha ali ndi zidzukulu kale, n'kuphunzira kuwerenga msanga kuposa anzake onse. Iyeyo ndi amene ankapeka ndi kutsogolera nyimbo za chioda, gule wa amayi wa kumeneko. Tinkakangana kawirikawiri, chifukwa anali wosagonja ngati ine ndemwe, koma tinkakondana.

Mudzi umenewo unali ndi njira yake yopita kudooko, pamchenga pamene amayi ankatunga madzi, kuchapa ndi kugula nsomba mabwato akakocheza. Kenako kunabwera bambo wina wachuma amene anapeza malo m'mbali mwa nyanja n'kumanga loji. Anthu sanadandaule, ena anapezako ganyu. Koma atamaliza kumanga anazunguliza waya mpaka m'madzi, n'kutsekera njira ija mkati. Amayi anayamba kuzungulira kutali, kukatunga kubango pafupi ndi pamene kamtsinje kamathira m'nyanja, malo amene aliyense ankadziwa kuti kuli ng'ona. Anadandaula kwa amfumu, amfumu anapita nazo kuboma, kuboma anati tikuziona. Ine ndinazilemba m'malipoti anga mpaka dzanja kutopa. Akuzionabe choncho, ng'ona inagwira mwendo mayi wina akutsuka mbale. Anzake anamulanditsa, koma mpaka lero amayenda ndi ndodo. Wayayo sanasunthe.

Ndiye kunamveka kuti nduna ikubwera kudzatsegulira shedi yowumitsira nsomba m'deralo. Komiti yokonzekera inakhazikitsidwa, a Chikhosi ali wapampando, ndipo mwini loji uja anapereka mipando, matenti ndi zakumwa. Pamenepo ndinadziwa kuti khoswe wakhala pamkhate.

Tsiku loyeserera

Tinakumana pabwalo la sukulu dzuwa litapendeka pang'ono. Ana a sukulu anaimba, alimi a mpunga anachita kasewero kawo, komiti ikungogwedeza mitu. Amayi a chioda analowa ndi nyimbo yolandira alendo, yabwinobwino. Itatha, Abiti Saidi anakweza dzanja, ng'oma zinasintha, n'kuyamba ina:

Alendo athu mwafika, tikupatseni madzi ati?
Waya watseka kudooko, ee waya!
Tikatunge kubango, ng'ona ikudikira,
Anduna tiuzeni, nyanja anagula ndani?

Anzake ankavomera kuti "ee waya!" mwamphamvu moti ana amene ankachoka anabwerera. Ndinayang'ana a Chikhosi, n'kuona kuti asiya kulemba. Nyimbo itatha anandiitanira kuseri kwa kalasi.

"Mayi Kachingwe, mwaimva nyimbo ija?"

"Ndaimva, bwana. Yakoma."

"Musandiseke. Mawa isamveke. Bambo amene akumuimbayo adzakhala pansanja, pafupi ndi anduna. Mukufuna tonse tithawe m'boma muno?"

"Bwana, atukwana ndani? Sanatchule dzina la munthu. Wayayo alipo, ng'onayo iliko, mayi wolumidwayo mukumudziwa. Chabodza n'chiti?"

"Sindikunena kuti n'zabodza. Ndikunena kuti pali malo ake."

"Malo akewo anapitako konse, bwana. Kwa amfumu anapita, kuofesi kwanu anafika. Atsala ndi bwalo lokhali."

A Chikhosi anapuma mozama. "Ndikudziwa kumene mukulowera. Gawo 35 ndikulidziwa, ndinalemba mayeso ake. Koma gawo 35 silidzayankha foni Lolemba m'mawa. Adzayankhe ndi ine. Kawauzeni aichotse. Akakakamira mawa, ndikavula magalasi, inu lizani wezulo."

Ndinawauza pomwepo, kuti asadzati ndinawazembera. "Bwana, ndikuuzirenitu. Nthawi yawo ikatha ndidzaliza. Koma kudula nyimbo imeneyi chifukwa cha mawu ake, sindidzatero. Ngati mukufuna, patsani wina wezuloyu."

A Chikhosi sanamutenge wezuloyo. Ankadziwa kuti oimba ng'oma a kugombe samvera wezulo wa munthu wachilendo, ndiponso ankaganiza kuti ndi ukali chabe wa mayi wokalamba, udzazirala pofika mawa. "Mukagone, mudzaganiza bwino," anatero, n'kukakwera galimoto.

Ine ndinapita kwa Abiti Saidi, amene ankamanga nsalu yake pansi pamtengo. Sindinafune kuti alowe m'madzi osadziwa kuya kwake.

"Abiti, abwana akuti nyimbo ija muichotse. Ine sindikukuuzani kuti muichotse, sindikukuuzaninso kuti muimbe. Koma dziwani kuti mukaimba akhoza kukuitanani kupolisi."

"Alangizi, tikanafuna tikanaibisa lero, n'kungoiphulitsa mawa. Tinati ayi, alangizi athu asadzachite manyazi osadziwa kanthu. Nanga si inu munatiwerengetsa pabolodi kuti munthu aliyense alankhule zakukhosi? Kapena munthu aliyenseyo ndi wa ku Lilongwe yekha?"

"Ndi inu nomwe."

"Basi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene tikulumidwa ndife. Insha Allah mawa tiimba. Funso langa ndi limodzi: inuyo mudzatidula?"

"Sindidzakudulani."

"Mukulumbira? Wallahi?"

"Ine ndine wa mpingo, Abiti, koma ndalonjeza."

Nditafika kunyumba ndinapeza bambo anu akumata chubu pakhonde. Nditawafotokozera, anaika chubu pansi. "Amake Tadala, penshoni yatsala pang'ono. Mphatso ali kukoleji. Bwanji osangoliza kawezuloko, anthu n'kumwazikana mwamtendere?" Sanalakwe kufunsa, ndipo mantha amene anali nawo ndinali nawonso. Koma ndinawauza kuti zaka zonsezi ndayenda m'midzi kuuza anthu kuti nthawi yotsekana pakamwa inatha. Ndikaliza wezulo mawa, ndiye kuti zonsezo ndinkanama, ndipo amene adzatsimikize bodzalo ndi ine ndemwe, pamaso pa amayi amene ndinawaphunzitsa. Bambo anu anatola chubu chawo n'kunena kuti, "Chabwino. Koma katundu mudzamanga nokha."

Tsiku la nduna

Anthu anadzaza bwalo kuyambira m'mawa, nduna n'kufika dzuwa lili paliwombo monga mwa masiku onse. Pansanja panakhala nduna, amfumu, akuluakulu a kuboma, a Chikhosi kumapeto kwa mzere, ndi mwini loji atavala suti yoyera. Kunalinso mtolankhani wa wailesi ina ya m'dera ndi kachojambulira mawu kake. Ine ndinaima pamalo panga, pambali pa ng'oma, wezulo m'dzanja lamanja.

Amayi a chioda analowa atavala zofanana, n'kuimba yolandira alendo. Nduna inamwetulira, ikuwomba m'manja motsatira ng'oma. Kenako Abiti anakweza dzanja. Mzere woyamba, woti tikupatseni madzi ati, nduna inawombabe m'manja, poganiza kuti ndi ulemu wa kwa mlendo. Atafika pa "ee waya!" khamu lonse linavomera, ngakhale abambo amene anali kumbuyo, ngakhale ana a sukulu. Manja a nduna anaima m'malere.

Ndinayang'ana kunsanja. A Chikhosi anavula magalasi. Ine ndinawayang'ana m'maso kuti adziwe kuti ndaona, n'kutembenukira kwa ovina. Woimba ng'oma yaikulu anandiponyera diso, kudikira, chifukwa nayenso ankadziwa mwambo wake. Ndinafumbata wezulo n'kubisa dzanja m'nsalu. Ataona choncho anaweramira ng'oma yake n'kuimenya ngati ali nayo mlandu.

Abiti anali atasunga china chimene sitinachione poyeserera. Pakati pa nyimbo bwalo linatseguka, ndipo mayi wolumidwa ndi ng'ona uja analowa ndi ndodo yake, ndowa yopanda madzi ili pamutu. Sanavine. Anangoyenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo kwa nsanja, n'kuika ndowayo pansi, anzake akufunsabe kuti nyanja anagula ndani. Ndinamva misozi ikubwera, koma ndinaimeza, chifukwa mlangizi salira pantchito. Nditayang'ananso kunsanja, a Chikhosi anali atavala magalasi n'kuwavulanso, akuwagwedeza m'mwamba ngati akuingitsa ntchentche. Nduna inaweramira kwa amfumu kufunsa kanthu, amfumu n'kuloza ndi mutu kumene kunali waya. Mwini loji ankangoyang'ana nsapato zake.

Nyimbo inatha yokha, pamene eni ake anafuna kuti ithe. Ndipo pamenepo ndi pamene ndinaliza wezulo, monga mwa ntchito yanga, amayi n'kutuluka m'bwalo mwadongosolo. Polankhula, nduna inanena zambiri za shedi ndi za chitukuko. Za waya inangoti, "Amayi, ndamva." Sindikudziwa ngati inanena mokondwa kapena mokwiya, koma inanena pamaso pa anthu, mtolankhani akujambula.

Magalimoto atangochoka, wapolisi wina anabwera kwa Abiti n'kumuuza kuti akufunika kupolisi akafotokoze. Nkhope ya Abiti inasintha, ndipo ndinaona kuti kulimba mtima konse kuja kunali ndi mantha pansi pake. Ndinamugwira dzanja n'kupita naye. Amayi onse a chioda anatitsatira, n'kukhala pansi panja pa ofesi, osaimba, osalankhula. Mkulu wa apolisi pamalopo anali bambo wodekha. Anati wina wadandaula kuti amayi anafuna kusokoneza msonkhano, ndiye anapempha Abiti kuti anene mawu onse a nyimboyo. Abiti anawanena onse.

"Mwatchula dzina la munthu?" anafunsa wapolisiyo.

"Ayi, bwana."

"Mwatukwana? Mwauza anthu kuti akagwetse waya?"

"Ayi. Tangofunsa funso."

Bamboyo anatembenukira kwa mnzake amene anatitenga uja. "Ndiye ndilembe mlandu wanji? Wofunsa funso?" Kenako anati kwa Abiti, "Mayi, pitani kwanu. Swala, mapemphero anu amasana aja, yakupitani kale." Titatuluka, Abiti anakhala pansi pakati pa anzake n'kunena kuti "Alhamdulillah." Tsiku limenelo ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti mawu aja ndinkalemba pabolodi ali ndi mano.

Zimene zinatsatira

Lolemba a Chikhosi anandiitana kuofesi. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunandipweteka kuposa kukalipa.

"Ndinavula magalasi, mayi."

"Ndinaona, bwana."

"Wezulo anawonongeka?"

"Ali bwinobwino."

"Foni yalira m'mawa uno, monga ndinanenera. Akufunsa kuti amayi aja anawatuma ndani. Ndawauza kuti sanatumidwe, koma akufuna munthu. Kukuchotsani ntchito sangathe, palibe lamulo limene mwaphwanya. Koma kusamutsa munthu sikufuna mlandu."

Ndinawauza kuti ndamva, ndipo sindinawasungire chakukhosi. Iwonso anali ndi ana kusukulu. Patapita milungu ingapo transifa inatuluka, ya ku Neno, kumene ndinakagwira mpaka kupuma. Bambo anu anapempha kuti awasamutsire komweko, ndipo ngakhale ananena zija, katundu anamanga ndi iwo.

Nyimbo ija inamveka pawailesi, anthu n'kuyamba kuiimba m'maminibasi ndi kumsika wa kuboma. Nkhani itafika pamenepo zinali zovuta kupitiriza kunena kuti tikuziona. Kunabwera anthu oona za malo, anayeza, anakambirana, ndipo pamapeto pake wayayo anamubweza n'kusiya mpata wofika kudooko. Ndi kanjira kopapatiza, koti amayi awiri osenza ndowa amapatukirana, koma kubango sapitanso. Zimenezi zinachitika ine nditachoka kale, ndipo ndinakayendamo koyamba nditapuma pantchito.

Koma ndisatsirize osakuuzani za tsiku losamuka, chifukwa bambo anu akamafotokoza amalidumpha. Lole inafika m'mawa, tinakweza mabedi, matumba a mpunga ndi nkhuku zathu. Dalaivala ataliza injini tinamva ng'oma zikubwera kuchokera kumsewu. Anali amayi a chioda, Abiti Saidi patsogolo, atayenda ulendo wonse kuchokera kugombe kudzanditsanzika. Anazungulira pabwalo la nyumba n'kuimba nyimbo yondithokoza, yoti alangizi anatitsegula maso, apite bwino. Ine ndinaima pakhonde ndikumwetulira, mtima uli m'malo, bambo anu akugwedeza mutu monyadira. Kenako Abiti anakweza dzanja, ng'oma zinasintha.

Alangizi pitani bwino, koma timve,
Kusemina ku Lilongwe munkatenga omweomwewo,
Ife a kugombe tinkangomva kuti kunali tiyi wamkaka!

Dalaivala anaseka mpaka kugwira chiwongolero. Ine kumwetulira kunandithera. Zinandibaya, sindinama. Ndinali ndi zifukwa zanga posankha anthu opita kumaphunziro, okonza maphunzirowo ankafuna odziwa kulemba msanga, ndipo mpaka lero ndimati ndinkachita bwino. Koma apa ndinali nditataya nyumba, dera ndi anzanga chifukwa cha amayi omwewa, ndipo iwo akundiimba pakhomo panga, aneba akumvetsera.

Bambo anu anafika pafupi nane nkhope itachita mdima. "Amake Tadala, anthu mwawavutikirawa akukuthokozani chonchi? Tiyeni tikwere, tizipita."

Ndinayang'ana Abiti. Ankaimba akundiyang'ana m'maso, wopanda mantha ngakhale pang'ono, ndipo sanali kundinyoza. Ankandiuza zimene zinali kukhosi kwake, poti ankadziwa kuti akhoza kutero. Mkwiyo wanga unasanduka chinthu china chimene sindingathe kuchitchula bwino, koma chinali pafupi ndi kunyada.

"Asiyeni amalize," ndinawauza bambo anu.

Ndinatsika pakhonde n'kupita kwa dalaivala kukamuuza kuti azimitse injini, chifukwa inkasokoneza mawu. Nyimboyo inali ndi ndime zambiri, zina zowawa kuposa yoyambayo, ndipo tinanyamuka itatha.